Seva imene ndinachedwa kukonza

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse amene mumawerenga patsamba lino. Lero ndikuuzani za sabata imene ndinafufuta ndi dzanja langali zikalata za minda ya anthu, mtima wanga n'kuchita dzanzi mpaka kupemphera kunandikanika.

Ndimayang'anira makompyuta kubungwe lina laling'ono kuno ku Salima, lothandiza alimi a mpunga m'masikimu a mthirira. Mapepala osonyeza kuti puloti iyi ndi ya uje, iyo ndi ya uje, tinawajambula onse n'kuwasunga m'makompyuta. Mapepala enieniwo anawola ndi madzi osefukira, ndiye chimene chinatsala ndi zithunzizo basi. Zimakhala m'makompyuta atatu akuluakulu amene timawatcha maseva. Seva iliyonse ili ndi disiki yake, koma anawalumikiza kuti akhale ngati nkhokwe imodzi.

Ine ndinkadziwa theka la nkhaniyi. Ndinkadziwa kuti ukaika fayilo pa seva imodzi imafika pa inzake. Zoti ukafufuta pa imodzi inzake imafufutanso, mutu wangawu sunafikeko. Ndiye Lolemba lina malo atadzaza m'masevamo ndinati, aa, zithunzi zakalezi ndichotse pa seva yoyamba, kwinako zitsala. Kufunsa sindinafunse, pajatu ofesi yonse imanditcha injiniya. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya lambiri.

Mawa lake kunabwera mayi Nangozo a kwa Maganga, pakabaza. Amuna awo anamwalira, ndipo alamu awo ankati puloti ya mpunga ndi yakuchimuna, mayiwo achokepo. Komiti ya sikimu inali yoti ikhale pansi Lachisanu, ndipo inkafuna chikalata. Ndinatsegula seva yachiwiri uku ndikuimba mluzu. Foda yonse yosungiramo zithunzizo inali pululu.

"Mubwerenso Lachisanu m'mawa, mayi, netiweki yavuta," ndinawanamiza. Iwo anathokoza n'kumapita.

Musaganize kuti ndinalira, ayi. Sindinkamva kalikonse. Ndinkafika kuntchito, kukhala pampando, n'kumayang'ana timagetsi ta maseva tikuphethira mpaka nthawi yoweruka. Mkazi wanga anandifunsa ngati ndi malungo, ndinati mwina. Chakudya ndinkangomeza osamva mchere. Ndinkadziwa bwinobwino kuti mayi uja alandidwa munda chifukwa cha ine, koma ndinkazidziwa ngati nkhani ya pawailesi. Lachitatu ndinapita kumapemphero a masana. Anzanga akufuula, ine ndangoti ndwii. Mawu amene ndinakwanitsa ndi akuti, "Ambuye, mwaona." Ndipo sindinamve m'mtima kuti pali amene wandimva.

Seva yachitatu sindinaiganizire n'komwe, chifukwa inali chizimire kwa milungu ingapo. Kachipangizo kake ka magetsi kanapsa, ine ndinazengereza kuitanitsa kena mpaka abwana anandikalipira. Katsopano kanafika Lachinayi. Ndinakamanga mongotsata manja. Kenako ndinatola chingwe cha netiweki kuti ndilumikize kaye ndisanayatse, monga timachitira nthawi zonse. Pomwepo foni inalira.

Anali mayi Kalonga a ku Lilongwe, amene anakhazikitsa masevawa asanasiye ntchito kwathu. Ine ndi iwo sitinasiyane bwino, ndinkawatsutsa pa chilichonse chifukwa cha matama. Ndipo sanaimbire za ntchito ayi. Ankafuna ndiwapezere thumba la mpunga wonunkhira wa pachinkhoswe cha mwana wawo. Atamva mayankhidwe anga anati, "Bwanji mukuyankhula ngati muli pasiwa?" Chimene chinatsegula pakamwa panga sindikuchidziwa, koma ndinawauza zonse.

"Yachitatuyo inazima musanafufute?" anafunsa. Ndinati eya. "Nanga chingwe chake chili kuti?" Ndinati chili m'manja mwangamu.

"Chiponyeni pansi, achimwene! Mukangolumikiza, imva kwa zinzakezo kuti zithunzi zinafufutidwa, nayonso ifufuta. Iyatseni payokha, isaonane ndi inzake."

Ndinaika chingwe pansi n'kuyatsa. Foda inalimo, yonse yathunthu. Tinaikopera pa disiki ina yapadera, iwo ali pafoni kundilangiza uku akundinena kuti injiniya wa kunyanja, wodziwa usipa yekha. Anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinangoti zikomo, ndipo ngakhale pamenepo chimwemwe sichinabwere. Ndinangokhala, n'kumaona mafayilo akukopedwa.

Lachisanu m'mawa ndinalowa kwa abwana n'kuulula. Kalata ya chenjezo ndinalandira, ndipo inandiyenera. Kenako anafika mayi Nangozo. Ndinasindikiza chikalata chawo n'kuwapatsa. Kuwerenga sadziwa, koma anatsetsereka ndi maso mpaka pansi pa pepala, pamene panali zidindo ziwiri za zala.

"Ichi ndi chala changa ichi," anatero. "Ichi ndi cha malemu. Chinali ndi chipsera cha chikwakwa."

Ndinawauza kuti tsiku lija ndinanama, netiweki sinavute, wolakwa ndinali ine. Anapinda pepala lija bwinobwino, n'kulimanga pansonga ya chitenje. "Chikalata chapezeka, bambo. Zinazo ndi zanu ndi Mulungu."

Atangotuluka, ndinalowa m'kachipinda ka maseva. Ndinakhala pansi pasimenti, ndipo ndinalira ngati mwana, bambo wamkulu ndi ndevu zanga. Manyazi, mantha, chimwemwe, zonse zinabwerera nthawi imodzi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anagwiritsa ntchito ulesi wanga womwe, ndi thumba la mpunga la munthu amene ndinkamunyoza. Sindikuti muzizengereza kukonza zinthu, chonde, ndipo musanafufute chilichonse pa disiki ya anthu ambiri muzifunsa. Koma inu amene mwafika poti mtima wauma, kupemphera kukukanika, ngakhale misozi kulibe, musasiye. Nenani mawu awiri amene mungathe, mawa mudzukenso. Ambuye sanadikire kuti ndimve kanthu kaye ndipo andithandize. Komiti inakhala pansi Lachisanu lomwelo, alamu aja anaona zidindo za zala ziwirizo n'kuvomera kuti puloti ndi ya mayiwo, ndipo chaka chino mayi Nangozo awokera mpunga papuloti pawo.