Ndadzaona Masamba

Kumapeto kwa Meyi, mitengo ya m'misewu ya kuno ku Joni itafiira n'kuyamba kuyoyola masamba, Dineo, amene ndinakhala naye tebulo limodzi ku laibulale miyezi itatu osamuuza mawu oposa "pepani", anandiitana kuti Loweruka tikayende kupaki ya kwawo, poti Lolemba lotsatira amanyamuka kupita kusukulu kutali, ku Polokwane. Ndinafika pageti lotseka msewu wawo dzuwa litapendeka, n'kupeza mlonda, a Ngubane, atafungatira buku la alendo.

"Dzina?"

"Kabelo."

"Kweza mawu, suli pamaliro."

"Kabelo, bambo."

"Ukupita kwa ndani?"

Dzina la Dineo linafika pakhosi, n'kubwerera kumene linachokera.

"Kwa... palibe. Ndikungowongola miyendo."

Anasuzumira pawindo la kanyumba ka alonda n'kundiyang'ana miyendo. "Ndi yowongoka kale. Galu wako ali kuti?"

"Ndilibe galu."

"Nsapato zothamangira?"

"Sindikuthamanga."

"Iii! Oyenda pansi muno alipo awiri: wokokedwa ndi galu, ndi wothamanga. Wachitatu timamuitanira galimoto ya alonda."

"Ndadzaona masamba, bambo."

"Masamba?" Analoza ndi cholembera matumba akuda pambali pa geti. "Asanu awo, asesa m'mawa uno. Masula uone. Ukatha umangenso."

"Ndikufuna amene ali mumtengo."

"Mtengo wa nyumba nambala chani?"

"Uliwonse."

"Mwana iwe, apa palembedwa kuti 'kwa ndani'. Uliwonse si munthu. Ndiponso lamulo likuti ndiyambe ndaimbira foni wokulandira. Mtengowo ukudziwa kuti ukubwera?"

"Mtengo sudziwa kanthu."

"Ndiye ukupita kosaitanidwa."

"Ndaitanidwa!"

"Ndi ndani?"

Ndinayang'ana nsapato zanga.

Panadutsa mayi wina ndi kagalu kovala juzi. Chitsulo cha pageti chinakwera popanda funso ngakhale limodzi. Sindinasirirepo galu chikhalire, koma tsiku limenelo ndinasirira.

"Nanga masamba ali m'mwambawo uwaona bwanji?" anafunsa a Ngubane. "Ukwera?"

"Ayi, ndizingoyang'ana m'mwamba."

"M'mwamba muli makamera ndi mawaya amagetsi a pamipanda. Ukukawerenga?"

"Aaa, bambo! Ine ndikuoneka ngati wakuba?"

"Wakuba amabwera atakonzeratu bodza labwino. Iwe ukuchititsa mantha kuposa wakuba." Anatola wailesi yawo yoitanira alonda anzawo n'kuipukuta pamalaya.

Dzuwa linali litafika pamadenga. Kamphepo kanayamba kuluma makutu. Ndinaona m'maganizo Dineo ali pabenchi, akuyang'ana nthawi, akunyamuka, akukwera basi ya ku Polokwane, akukwatiwa ndi munthu wodziwa kutchula mayina. Ndiye china chake chinaduka mwa ine.

"Msewu uwu ndi wa tonse!" ndinakuwa. "Mitengo iyi inabzalidwa geti lanuli kulibe! Tsamba likagwa silisaina m'buku! Mphepo yadutsayi mwailemba? Njiwa izo zikupita kwa ndani? Munthu sangayende osapita kwa munthu? Mwezi wamawa mitengo yonseyi ikhala mbulanda, ndiye mudzandilowetsa kuti ndidzaone chiyani?"

Ndinalankhula mawu ambiri kuposa amene ndinalankhula chaka chonse chatha. Mpaka ndinagwedeza chala. Ine!

A Ngubane anadikira nditatha mpweya. "Njiwa zimakhala momwe muno," anatero. "Kwa ndani?"

"Dineo," ndinanong'ona.

"Ndani?"

"Dineo, bambo! Nyumba nambala 14!"

"Ohoo! Mwana wa a Molefe!" Nkhope yawo inawala. Anatsegula kumapeto kwa buku n'kutulutsa kapepala. "Wabwera yekha masana ano kudzandisiyira uthenga. Akuti akuyembekeza mlendo, ndipo akangofika ndimulowetse msanga, osamuvutitsa ndi mafunso."

"Ndiye ndineyo!"

"Dikira." Anavala magalasi, n'kuwerenga chala chili pa liwu lililonse. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kubwereranso pakapepala. Kenako anapukusa mutu.

"Chavuta n'chiyani tsopano?"

"Apa walemba kuti kubwera mnyamata wamanyazi, wosalankhula, woti ukamufunsa kanthu amangoti pepani."

"Pepani, bambo, koma ndi..."

"Wachedwa nayo pepaniyo. Iwe wandilalatira za njiwa mpaka khutu lawawa. Si iwe ayi. Ima pambali apo, timudikirire limodzi wamanyaziyo."