Mowa wolawira makasitomala

Aulutsi, ndine bambo wa ku Kanyama, ndipo ndikulemba mtima ukuwira. Mlongo wanga atamwalira, ndinatenga kamtsikana kake kukhala mwana wanga. Sikakula bwino, chimene wakauza m'mawa masana kaiwala. Abale ankati kanalodzedwa.

Kuchipatala a dokotala anakayeza mutu, n'kuyang'anitsitsa timaso take ndi mlomo wam'mwamba wopyapyala. Kenaka anafunsa za mayi a mwanayo m'chiyankhulo cha kuno, "Bamai bake benze kumwa bali na mimba?"

Ndinamenya tebulo. "Mlongo wanga sanali chidakwa! Ankangogulitsa kachasu ntchito itamuthera kufakitale."

"Nanga kulawa, batate, sibenze kulawa?"

Kuno wogula samwa mpaka wogulitsa alawe kaye, kuonetsa kuti mulibe mankhwala. Mlongo wanga ankalawira aliyense, tsiku lonse, mpaka kubereka. A dokotala anati mowawo unavulaza ubongo mwana ali m'mimba. Kumuthandiza tingamuthandize, koma kuchira ayi.

Lero geniyo ili m'manja mwa mkazi wanga, ndiyo ikutidyetsa. Ndipo ndi woyembekezera. Ndamuletsa, ndakalipa, akuti akasiya kulawa makasitomala athawa. Amuna inu omwa ku Kanyama, mukabwera pakhomo panga musamupatse mkazi wanga kapu yolawira. Lawani nokha.