Galimoto ya a Bwanausi Yasowa Mawu

A Bwanausi, ogulitsa nsomba ku Insaca, mtima unali pa mayi Saumu a ku Chiuta. Mayiwo ananeneratu kuti atopa ndi amuna obwera mwakachetechete ngati akuba nkhuku. Adzakwatiwa ndi yemwe mudzi wonse udzamumve akufika. Ndiye mkuluyu anagula galimoto yofiira yampikisano, yamipando iwiri, n'kuuza makaniko Umaru kuti achotse injini yomeza gazolina, aikemo yamagetsi yaliwiro la mphezi.

Tsiku loiyesa, galimoto inauluka mpaka kumsika n'kubwerako, koma ngakhale galu sanadzutse mutu. A Bwanausi zinawapweteka kwambiri.

"Umaru, kulira kwake kuli kuti?"

"Kunapita ndi injini, bambo."

"Kabwezeremo."

"Injiniyo?"

"Kulirako! Injini sindikuifuna."

Umaru anakanda m'mutu. "Kulira kuli kuchigayo cha a Alberto. Kukugaya chinangwa."

"Ndinakutuma kugulitsa kulira ine?"

"Munati ndichotse injini. Simunati phokoso litsale."

Umaru anati aziliza hutala. A Bwanausi anakana kuti iwo si dalaivala wa shapa, minibasi yonyamula anthu. Umaru anati amangirire mbuzi kumbuyo kuti izilira. Koma kumbuyoko kunali kutadzaza mabatire. Basi a Bwanausi, omwe sabwerera m'mbuyo ngakhale atawona dzenje, anagamula kuti wochotsa mawu ndiye alire.

Umaru anakhala pampando winawo n'kubangula ngati injini kuchokera ku Insaca mpaka ku Chiuta, akusintha magiya ndi kukhosi, pomwe galimotoyo magiya inalibe. Ana anathamangira kumsewu, nkhuku zinabalalika, ndipo mayi Saumu anatuluka atanyamuliratu kamtolo ka zovala. A Bwanausi chimwemwe chinawasefukira.

"Tsika tsopano, akwere mayiwa."

"Ndikatsika ikhala chete, bambo."

"Uzilira ukuthamanga pambali."

"Aaa, iyi siipezeka ndi miyendo. Ndinaikonza ndine."

"Ndiye ukwere padenga."

"Denga ilibe. Munagula yopanda denga."

A Bwanausi anamenya chiwongolero. "Nanga titani? Mipando ndi iwiri, anthu tili atatu."

Umaru anawerenga mipando, anawerenga anthu, kenako anayang'ana mayi Saumu, omwe anali ataika kale kamtolo kawo pamiyendo pake. Anayankha ndi mawu osasa.

"Tsikani inu, bambo. Mudzi wamva ine. Inu mwabwera mwakachetechete."