Dzina Limene Ndinalanda Mwini Wake

Zaka zija makompyuta atangofika kumene pa sekondale ina kuno ku Salima, ana anga, ine ndinali mphunzitsi wa masamu, ndipo chilankhulo cha makompyuta cha Python ndinadziphunzitsa ndekha m'buku long'ambika, kopanda intaneti yoti n'kufunsako ngati mmene muchitira inu lero. Ahedi atandipempha kuti ndilembe pulogalamu yosanja mayina a ana olembetsa mayeso a Fomu 4, ndinavomera mokondwa.

Tsono mvetserani. Python ili ndi chida chakechake chosungira zinthu mumndandanda, dzina lake list. Ine ndinapanga chida changa, chimene inu mumati kalasi, chochotsa dzina likalembedwa kawiri, ndipo nachonso ndinachitcha list, poti ndinkaona kuti ndi dzina loyenera. Makinawo sanadandaule ayi, anangoiwala mwini dzina n'kumamvera changacho, ngakhale m'malo amene ine ndinkafuna choyambirira chija. Safunsa anadya phula.

Chaka chimenecho tinali ndi atsikana awiri, onse dzina lawo Amina Saidi, wina wa ku Lifuwu, wina mwana wa msodzi amene ankakhalitsa ku Mbenji. Mndandanda unatumizidwa uli ndi Amina mmodzi, ndipo tinadzazindikira nthawi yolembetsa itatha. Ahedi anakalipira Mayi Nachisale, amene ankatayipa mayinawo, koma iwo anaumirira kuti analemba onse awiri, ndipo ine, mwana wa munthu, ndinaima pomwepo n'kunena kuti kompyuta silakwitsa. Mayiwo anapempha kusamutsidwa.

Msodzi uja, bambo a Amina amene dzina lake linasowa, atabwera sanakalipe. Anangoti, "Aphunzitsi, ndi mmene Allah anakonzera, koma mwanayu amawerenga."

Amina sanabwererenso kusukulu, chifukwa chaka chotsatira anakwatiwa. Ine ndinadzaona cholakwa changa patapita zaka ziwiri, ndikuwerenganso pulogalamu ija. Amina ndinakamupeza akuyanika usipa pathandala, ndinamuuza zonse, ndipo anandikhululukira. Koma kwa Mayi Nachisale ndinachita manyazi kupitako, ndinkangoti ndidzapita mawa, mpaka ndinamva za maliro awo. Madzi akatayika saoleka.

Lero makina anu amakuchenjezani mukatenga dzina la eni ake, ndiye musamanyozere chenjezolo, chanu muzichipatsa dzina lakelake. Ndipo munthu akakuuzani kuti ntchito yake anaigwira bwino, ana anga, yambani mwakatsegula yanu musanamutsutse.