A Luhanga, Mphunzitsi Amene Ankafunsa za Zipembedzo

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1951 ku Hewe, ndipo anabatizidwa dzina lakuti Overton Luhanga. Sukulu anayambira kwawo komweko, n'kukamalizira ku Khondowe. Mu 1976 anamanga ukwati woyera ndi mayi Lettie NyaHarawa.

Anaphunzitsa Baibulo m'masekondale a boma lino, ndipo mu 1988 anadzozedwa kukhala mkulu wa mpingo.

M'chaka cha 2000 anavomera kuphunzitsa phunziro loyerekeza zipembedzo, limene anzawo ambiri analikana. Manong'onong'o anayambira pamenepo. Anaoneka akucheza ndi Asilamu pa Boma tsiku Lachisanu. Anaonekanso akufunsa nkhalamba za ku Nkhamanga mmene makolo ankapemphera mvula. Kunyumba ankatiuza kuti Aaigupto akale ankaika chakudya m'manda monga ankachitira makolo athu, kutinso Msilamu, Mhindu ndi Myuda onse amasamba asanapemphere, amasala kudya, amakumbukira wosauka. Ifenso apabanja tinkayang'anana. Ena mumpingo analeka kulandira chikho cha Mgonero chikachokera m'manja mwawo. Iwo ankangoyankha kuti mtumwi Paulo anayamba wayendera maguwa a ku Atene asanalalikire.

Anayamba kudwala impso mu Janyuwale chaka chino cha 2011. Amene anawakweza phiri kupita nawo kuchipatala ndi a Saidi, Msilamu, telala wa pa Boma. Mbiri inamveka kuti a Luhanga asinthidwa dzina ndipo adzaikidwa opanda bokosi. Amayi a Umanyano wa mpingo wathu, tikudziwa kuti ambiri mwabwera yunifolomu ili m'chikwama, kudikira kumva ngati mukuika Mkhristu.

Imvani tsono. Pa 2 Juni malemu anapempha Mgonero. Amene anakwera njinga kukatenga abusa ndi a Saidi omwewo, ndipo anadikira panja mpaka nyimbo itatha. Malemu anamwalira pa 5 Juni, dzina la Yesu lili pakamwa. Abusa ali pano, mutha kuwafunsa.

Asiya mayi NyaHarawa, ana atatu, Isabella, Manasseh ndi Twambilile, ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza achipatala, adzukulu okumba manda, ndi a Saidi amene asoka nsalu ya pabokosili. Yewo chomene.

Amayi, nyumba ya kuseri ndi yotsegula kwa ofuna kukavala. Tidikira, sitinyamula maliro musanatuluke.

Mzimu wa bambo athu uuse mumtendere wa Ambuye.