Pensulo Yopanda Chofufutira

Malemu Si Bouchaib El Ouardi, amene tinawaika m'manda dzana, anabadwa pa 9 Malichi 1949 kuno ku Azemmour. Anali mwana wachitatu wa bambo Si Larbi ndi mayi Lalla Hadda. Ine ndaima pano ndine Allal, mwamuna wa mlongo wawo Rkia. Banja landisankha kuti ndiwerenge mbiriyi poti ndinagwira nawo ntchito zaka zoposa makumi anayi. Likanadziwa, likanasankha wina.

Malemu anaphunzira Kurani pamzikiti wa m'dera lathu, kenaka sukulu ya boma mpaka kalasi yachinayi. Mu 1962, bambo awo atamwalira, analowa ntchito yonyamula zikwama za ndodo pabwalo la gofu. Kumenya mpira anadziphunzitsa okha ndi nthambi ya bulugamu yopindika kunsonga.

Mu 1968 unayamba mpikisano wathu wa Chikho cha Doukkala. Osewera anali makumi awiri ndi anayi, onse ochokera ku France ndi ku Spain, ndipo chikhocho chinali chaching'ono moti wopambana woyamba anamweramo tiyi. Ife eni dziko ntchito yathu inali kunyamula. Mu 1973 komiti inalola ana akuno kusewera, ndipo malemu ndiwo anali oyamba. Mu 1974 anamanga banja ndi Lalla Zhor. Ine ndinalowa mpikisano mu 1976, ndipo amene anandiphunzitsa kagwiridwe ka ndodo anali iwowa.

Pepala limene mwana wawo Naima wandilembera likudumpha chaka cha 1978. Sindikukudzudzula mwanangu, ndikudziwa kuti m'nyumba mwanu chakachi sichitchulidwa. Koma ine lero sindichidumpha.

Amene simusewera gofu, mverani. Pamasewerawa amapambana ndi amene wamenya mpira kochepa. Munthu sadzilembera yekha: mnzake amene akuyenda naye ndiye amalemba pakhadi kuti dzenje ili wamenya kangati. Pomaliza mwiniwake amasaina. Akasaina nambala yochepa kuposa yoona, amachotsedwa mumpikisano, kaya anadziwa kaya sanadziwe. Ndipo timapensulo timene timalembera tilibe chofufutira.

Pa 22 Okutobala 1978, tsiku lomaliza, anatiphatikiza awirife. Malemu anasewera mmene sindinaonerepo munthu akusewera. Padzenje la khumi ndi chisanu ndi chimodzi mpira unawathawira m'mabulugamu, ndipo anamenya kasanu. Potuluka anandiuza momveka bwino kuti, "Kasanu, iwe Allal, lemba." Anthu anali atatiunjirira, akazi akululutira, ine nditatengeka ndi chimwemwe. Ndinalemba kanayi. Titamaliza, iwo anasaina osayang'ana n'komwe, poti wolembayo anali mwana amene anamuphunzitsa okha, amenenso anali atatomera mlongo wawo.

Palibe mlendo amene anawapeza tsiku limenelo. Khadi linkati apambana ndi ziwiri. Ndikanalemba zoona, akanapambanabe ndi imodzi. Koma woyang'anira padzenjepo anali atawerenga, ndipo anakanena. A komiti anandiitanira m'chipinda nandifunsa kuti, "Anakuuza kangati?" Ukwati wanga unali utatsala milungu itatu, ndipo ndinaopa kuchotsedwa ntchito. Ndinayankha kuti, "Anandiuza kanayi."

Mawu amenewo ndiwo anasandutsa cholakwa cha pensulo kukhala chinyengo. Chikho chinapita ku Spain, malemu analetsedwa kusewera mpikisano moyo wawo wonse. Ntchito ya mphunzitsi wa pabwalo, imene aliyense ankadziwa kuti ndi yawo, inapatsidwa kwa ine mu 1980. Ndinailandira. Paukwati wanga iwo ndiwo anapha nkhosa, ndipo kuyambira tsikulo anasiya kunditchula dzina. Ankangoti "alamu", mwaulemu wonse, ndipo ulemuwo unkandiwotcha kuposa kutukwana.

Kuyambira mu 1979 malemu anakhala wosamalira kapinga ndi wokumba maenje. Maenje onse amene akatswiri aponyamo mpira pa Chikho cha Doukkala kwa zaka makumi anayi ndi chimodzi anakumba ndi iwo. M'chilala cha 1983 anathirira kapinga ndi zitini pabulu wobwereka kuti mpikisano usalephereke. Mu 1988, a kanema atabwera koyamba, anawauza kuti achoke kutsogolo kwa makina chifukwa chipewa chawo chinali chong'ambika. Iwo anati, "Jambulani dzenjelo, ndi limene ndasita." Mpikisano unasintha dzina katatu malinga ndi makampani, chikho chinakula mpaka chofuna anthu awiri, mu 2005 unatsegulidwa kwa amayi, ndipo iwo anali pomwepo ndi chokumbira chawo. Alendo ankadandaula kuti dzenje la khumi ndi chisanu ndi chimodzi limaikidwa pamalo ankhanza chaka chilichonse. Ine ndinkadziwa chifukwa chake, ndipo ndinkangozolika.

Mu 2018 mpikisano unakwanitsa zaka makumi asanu, ndipo linatuluka buku la mbiri yake. Dzina la malemu lilimo kamodzi kokha, patsamba 41, pamene akuti anachotsedwa chifukwa chonamiza khadi. Olemba bukulo anabwera kwa ine, anamwa tiyi m'nyumba mwanga, nandifunsa ngati pali choonjezera. Ndinati palibe. Driss, iwe unamenyana ndi anzako kusukulu chifukwa ankati ndiwe mwana wa wakuba, ndipo amene ankakudzudzula kuti usiye ndewu anali ine mwamuna wa azakhali ako.

Malemu anapuma ntchito mu 2020. Mu Meyi chaka chino anayamba kudandaula m'chifuwa, ndipo madokotala anapeza kuti mtima wafooka. Anagonekedwa m'chipatala kawiri. Lamlungu lapitali ndinakawaona masana. Anatumiza Lalla Zhor kukatenga madzi, kenaka anatulutsa kapensulo ka pabwalo m'thumba la mkanjo nandigwiritsa m'manja. Anati, "Iwe Allal." Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi ndisanalimve dzinalo pakamwa pawo. "Ine ndinakukhululukira kale, chifukwa cha Rkia. Koma ana anga sanakhululuke, poti sakudziwa woti amukhululukire. Kapensuloka sikafufuta. Pakamwa uli napo."

Ndinawalonjeza kuti ndibwera Lachitatu, ana onse alipo, ndidzanene. Anatisiya Lachiwiri pa 15 Okutobala 2024, itangopitirira nthawi ya pemphero la swala ya masana, ali ndi zaka 75. Ngakhale pamenepo ndinachedwa.

Malemu asiya mkazi wawo Lalla Zhor, ana atatu, Driss, Naima ndi Jilali, zidzukulu zisanu ndi zitatu, ndi mlongo wawo Rkia, amene akumva zimenezi koyamba limodzi ndi inu. Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino, amene anasambitsa thupi, amene anakumba manda, owerenga Kurani, ndi amayi oyandikana nawo amene akhala akuphika kusikusi masiku atatu. Likuthokozanso ogwira ntchito pabwalo amene ananyamula malemu pamapewa. Inu a komiti mwabwera ndi maluwa, zikomo. Mawa m'mawa ndibwera ku ofesi kwanu ndi kalata yosainidwa, ndipo tsamba 41 mulikonze ine ndikadali moyo.

Lalla Zhor, Driss, Naima, Jilali, sindikupempha kuti mundiyankhe lero. Ndikungochitira umboni pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa anthu onsewa: malemu Si Bouchaib anandiuza kasanu. Kanayi ndinalemba ndine. Chikho cha 1978 chinali chawo.

Mulungu awachitire chifundo, awakulitsire manda awo, ndipo mzimu wawo uuse mumtendere umene ine ndinawamana ali moyo.