Mzungu Wolankhula ndi Mafunde

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ndikufuna ndikuuzeni za nthawi imene mawu anandithawa pakhosi, ntchito n'kundithera.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, ndinali mphunzitsi pa kasukulu ka mishoni kufupi ndi Khombedza. Ndinadwala chifuwa miyezi iwiri, ndipo nditachira ndinkangotha kunong'ona. Ana akumbuyo sankandimva. Akuluakulu a mishoni anandipirira dzinja lonse, kenako anaika wina m'malo mwanga. Ndinkapemphera chamumtima, ndipo masiku ena ndinkangoti Mulungu wandiiwala.

Alamu anga, a Jafali, ankaphika pa hotela ya azungu kunyanja, ndipo anandipezera ganyu yochapa zovala. Kumeneko ndinaona zachilendo. M'mawa uliwonse mzungu wina wachinyamata, woonda ndi malungo, ankaima pamchenga n'kumalankhula ndi mafunde. Ankakalipa, n'kulira, n'kugwa ngati wabayidwa, kenako n'kudzuka bwinobwino. Asodzi ankati wapenga. Ine chinkandidabwitsa n'china: sankakuwa, koma mawu ake ankafika mpaka kochapira.

Tsiku lina ndinalimba mtima, n'kumunong'oneza m'Chingerezi changa cha kusukulu kuti, "Bwana, kodi mukudwala?"

Anaseka. Anati kwawo ku Mangalande ndi wazisudzo, anayamba ali mwana, ndipo nkhope yake inaonekapo kale m'bayisikopo, kanema wa masiku amenewo. Kunyanja anadzachirira, ndipo ankaloweza mawu a sewero limene linkamudikira kwawo. Ndinamufunsa ngati munthu angadye ndi ntchito yonamizira kufa. Anati eya, ndipo Loweruka amafa kawiri, poti sewero limachitika masana ndi usiku.

Kenako anafunsa za khosi langa. Nditamufotokozera, anandigwira pamimba.

"Aphunzitsi, mukuzunza khosi lovulala. Mpweya uzichokera apa."

Kwa milungu isanu ankandigoneka chagada pamchenga, mwala uli pamimba, ine n'kumaukweza ndi mpweya. Ankandiuza kuti ndizing'ung'uza ngati njuchi. Asodzi anati amisala tsopano alipo awiri. A Jafali okha ndiwo ankandilimbikitsa kuti, "Inshallah, Mulungu akalola, alamu, mawu abwera."

Lamulungu lina kutchalitchi ndinangotsegula pakamwa mwachizolowezi, nyimbo n'kutuluka. Inali yosasa, koma inamveka. Mkazi wanga anatembenuka ali kumbali ya amayi, n'kugwira pakamwa misozi ili mbwembwembwe.

Chaka chotsatira a mishoni anandibwezera kalasi. Mzungu uja anali atakwera kale sitima ya pamtunda pa Salima, ndipo sindikudziwa kuti ntchito yake inamufikitsa pati.

Ndikuthokoza Ambuye. Ine ndinkayembekeza kuti andichiritsa kudzera mwa dokotala kapena abusa, koma ananditumizira munthu amene ndinkangomusuzumira chifukwa cha chidwi. Inu amene mwatopa ndi kupemphera, musaleke. Ndipo mlendo akakudabwitsani, musamangomuseka muli patali. Sendererani, mumufunse.